Kalabu ya anjinga isamayendere mawu apakamwa

Chipata ndi mzinda wa njinga. Fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle mumzindamu, ndipo lero munthu wotsika basi pa Madzimoyo, pamsewu wa Great East, amadalira mnyamata wa njinga yakapalasa kapena yamoto kuti akafike kumudzi. Anyamata otere amaima m'magulu, amadziwana, amasonkherana mnzawo akagwa pangozi. Koma gulu lodalira mawu apakamwa ndi ulemu wa munthu mmodzi limabalalika tsiku limene munthuyo wasamukira ku Lusaka. Lokhalitsa ndi lija lokhala ndi malamulo olembedwa, kaundula wa mamembala ndi buku la ndalama.

Ku Quebec m'dziko la Canada zinayenda motero. Kampani ya Bombardier itayamba kugulitsa Ski-Doo mu 1959, njinga yamoto yotsetsereka pa chipale chofewa, okwera ankangodutsa m'minda ya eni, madandaulo ndi ngozi n'kumachuluka. Okwerawo anapanga makalabu m'madera mwawo, ndipo mu 1974 makalabuwo anakhazikitsa bungwe limodzi lowagwirizanitsa. Lero amasamalira njira zotalika makilomita oposa 30,000. Ntchito yambiri imagwiridwa ndi anthu odzipereka osalandira malipiro, amene amapempha chilolezo kwa eni malo ndi kuzika zikwangwani, pomwe ndalama zimachokera kwambiri ku ziphaso zimene okwera amagula chaka ndi chaka. Mwini munda sangasainirane pangano ndi chigulu chopanda dzina.

Kuno ku Zambia khomo lake lilipo. Lamulo la Societies Act, Cap 119, limati anthu khumi kapena oposerapo akapanga bungwe alilembetse kwa Registrar of Societies. Amapereka malamulo a gulu ndi mayina a atsogoleri, monga wapampando, mlembi ndi msungichuma, kenako chaka chilichonse amatumiza lipoti. Gulu lofuna kuchita malonda pamodzi lingasankhe kukhala kopaletivu motsatira lamulo la 1998. Kulembetsaku kwakula mphamvu chiyambire 2022, pamene thumba la chitukuko cha m'madera la CDF linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse. Gawo lina la ndalamazi limapita ku makalabu ndi makopaletivu, ndipo pempho limadzera ku Ward Development Committee, komiti imene nayonso ndi ya anthu odzipereka. Kumeneko amafunsa setifiketi ndi akaunti ya kubanki.

Ena amati mapepala amadya ndalama ndi nthawi, ndiponso makalabu ambiri amabadwa chifukwa cha CDF n'kufa ndalama zikangogawidwa. Zimenezi n'zoona, ndipo kalabu yotere siyenera kuliridwa. Komabe chimene chimaipha si setifiketi, koma kusowa ntchito yoti mamembala azichitira limodzi mlungu ndi mlungu, pamene anjinga ali nayo kale: kusunga mzere pa siteshoni, kugwirizana mitengo, kuonetsetsa kuti wa njinga yamoto ali ndi laisensi yoyendetsera ya bungwe la RTSA ndi chipewa choteteza mutu. Ena amaopa kuti msungichuma adzathawa ndi thumba. Nkhawayi ikutsimikizira mfundo yomweyi, chifukwa ndalama zosungidwa m'thumba la jekete sizisiya mapazi, pamene za kubanki zimatuluka pokhapokha anthu awiri kapena atatu atasaina. Palinso onena kuti kukonza misewu ya kumidzi ndi udindo wa khonsolo, osati wa okwera njinga. Udindowo ndi wa khonsolodi, koma pamsonkhano wa wadi, kalata ya kalabu yolembetsedwa yotchula kamlatho kamene kamakokoloka dzinja lililonse imalowa m'maminitsi, ndipo khansala angafunsidwe za iyo pamsonkhano wotsatira.