Chitsulo chimayandama bwanji? Tiyeni ku Mangochi

Mukaponya msomali m'madzi umamira nthawi yomweyo. Nanga sitima ya Ilala, yomwe ndi chitsulo chokhachokha, yakhala ikuyandama bwanji panyanja yathu kuyambira 1951? Funso ili ndimakonda kuliyankhira ku Lake Malawi Museum, pa boma la Mangochi, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi.

Tauniyi kale inkatchedwa Fort Johnston, dzina la linga la atsamunda, ndipo museum ili m'nyumba yakale ya Gymkhana Club. Mkatimo muli zinthu zachikhalidwe cha anthu a m'mbali mwa nyanja, zachilengedwe komanso za sitima. Chimene chimandikopa kwambiri ndi chifanifani cha mbali yakutsogolo ya Guendolen, sitima yomwe mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Mfuti yake ili panja, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ya mu 1903. Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya, yomwe inamira kumpoto kwa nyanja mu Julayi 1946 kukuwomba mphepo yamkuntho. Anthu 145 anafa.

Ndiye sayansi ikuti chani? Archimedes anapeza kuti madzi amakankhira m'mwamba chinthu chilichonse chomwe chalowamo, ndipo mphamvu yake imafanana ndi kulemera kwa madzi omwe chinthucho chawasuntha. Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, pomwe chitsulo chodzaza lita chimalemera pafupifupi makilogalamu 8. N'chifukwa chake msomali umamira: madzi omwe umasuntha ndi ochepa zedi. Koma sitima ili ngati beseni, mimba yake ndi yaikulu ndipo mwadzaza mpweya. Imasuntha madzi olemera mofanana nayo isanalowe yonse, basi n'kuyandama. Yesani kunyumba ndi mbale yachitsulo m'ndowa, kenako muziikamo timiyala kamodzikamodzi.

Komatu kuyandama pakokha sikokwanira. Funso lina ndi lakuti kulemerako kuli pati. Katundu akakhala pansi, funde likapendeketsa boti madzi amalibwezera pamalo pake. Akaunjikidwa pamwamba, kapena anthu onse akathamangira mbali imodzi, boti limapendekeka osabwereranso. Likadzaza kwambiri limakhalanso pansi m'madzi, moti funde laling'ono limalowa mkati n'kutenga malo a mpweya uja.

Anzanganu, nkhaniyi si ya mayeso a Physics okha ayi. Ambirife timakwera maboti ndi mabwato, ku Monkey Bay, ku Makanjira kapena ku Cape Maclear, ngakhale m'miyezi ya mwera. Musanakwere, onani mpata womwe watsala pakati pa madzi ndi mlomo wa boti, onani pomwe aika matumba a chimanga, ndipo funsani jekete yoyandamitsa. Mpata ukachepa, dikirani boti lina. Ndipo aphunzitsi akamakonza ulendo wa kalasi, atchulireni Mangochi.