Aleke adapita koma nyuzi ikutulukabe

Pa msika timadziwa tonse momwe zimathera. Mwini golosale akangotsikira kulichete, achibale agawana masikelo ndi mashelefu maliro asanathe n'komwe, pakutha pa chaka m'sitolomo mukugona mbuzi. Nanga banja la a Aleke Banda lidatani kuti geni yawo ya nyuzipepala isafe ndi mwini wake?

A Aleke adabadwa mu 1939 ku Livingstone, ngakhale kwawo kwenikweni ndi ku Tukombo, m'boma la Nkhata Bay. Za inki adaziyamba ali mnyamata. Atsamunda atawathamangitsa ku Southern Rhodesia mu 1959, iwo adathandiza kukhazikitsa chipani cha Kongeresi ndipo adakhala mkonzi wa Malawi News. Kenaka adakwera mpaka kukhala nduna komanso bwana wa Press Holdings. Koma pafupi ndi moto sipakhalidwa. Mu 1980 Ngwazi idawatsekera popanda kuwazenga mlandu, ndipo adatuluka mu 1992, patatha zaka 12.

Amalawi atavotera matipate pa 14 Juni 1993, mwezi wotsatirawo The Nation idayamba kutuluka mumzinda wa Blantyre. Masiku amenewo nyuzi zimamera ngati bowa. Aliyense wokhala ndi kompyuta ndi mkwiyo amatulutsa yake. Zambiri zidafa zisanamere mano.

Chidazipha n'chiyani? Inu ooda katundu kunja mukuchidziwa. Pepala ndi inki zimachokera kunja, zimafuna ndalama zakunja. Boma litaitayirira kwacha mu 1994, mitengo idathawa. Chinanso, ndalama ya wogula nyuzi pamsewu siikwanira kulipira makina ndi antchito. Chimene chimadyetsa nyuzi ndi malonda olengezetsa, ndipo makampani salengezetsa m'kanyuzi kotuluka lero, mawa zii.

Apa ndiye banjali lidachenjera. Bambo atalowa m'boma la UDF mu 1994 ngati nduna ya zachuma, chiwongolero cha kampani ya Nation Publications chidali m'manja mwa mwana wawo wamkazi, Mbumba. Anthu ankanena ndithu kuti imeneyi ndi nyuzi ya nduna, ingalembe zoona? Koma mu 2004 a Aleke adali atachoka kale ku UDF, akuima ndi a Gwanda Chakuamba mu Mgwirizano, nyuzi osatsekedwa. Ikadakhala kuti imapumira m'mphuno mwa chipani, bwenzi itafa pomwepo.

Kampaniyo idakula, n'kuwonjezera Weekend Nation, Nation on Sunday, tsamba la Chichewa la Tamvani ndi Fuko, nyuzi yaulere ya Chichewa ndi Chitumbuka yopita kumidzi.

Chaka chowawa chidali 2010. Boma la a Bingu wa Mutharika lidaletsa maofesi ake kulengezetsa malonda m'nyuzi za kampaniyi, ati chifukwa zimadzudzula kwambiri. Mu Epulo chaka chomwecho a Aleke adamwalira ku South Africa atadwala khansa. Kasitomala wamkulu wathawa, mwini wake wagona, koma nyuzi idapitiriza kufika pamsewu m'mawa uliwonse.

Tsono inu a kaunjika, a nsomba ndi a hadiweya, mwana wanu akudziwa komwe mumaoda katundu? Akudziwa amene ali ndi ngongole yanu? Kapena zonse zili m'mutu mwanu ndi m'kathumba ka m'chiuno? M'mera mpoyamba. Muonetseni buku la ndalama lero, muli moyo.