Monita yodula siimvana ndi kompyuta iliyonse

Aliyense amene amajambula zithunzi za maukwati, kukonza mavidiyo kapena kulemba zikwangwani za malonda amadziwa kuti sikirini ya laputopu sichedwa kuchepa. Ndalama zikapezeka, maganizo amathamangira ku monita yaikulu, yowala bwino, yoonetsa mitundu momwe ilili. Ambiri amaiona monita ngati wailesi yakanema, yoti ukalumikiza chingwe basi zatheka. Kale zinalidi choncho. Koma mamonita odula a masiku ano ali ndi ubongo wawowawo, ndipo zina mwa zimene wogula walipirira zimagwira ntchito pokhapokha monitayo ikalumikizidwa ku kompyuta imene anaipangira. Chimene chimalamula ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyutayo, kaya ndi macOS, Windows kapena Linux.

Chitsanzo chabwino ndi Studio Display, monita imene kampani ya Apple inatulutsa mu Marichi 2022 pa mtengo woyambira madola 1,599. Ndi ya mainchesi 27, ndipo chithunzi chake chimapangidwa ndi timadontho 5,120 chopingasa ndi 2,880 chotsika, kuchuluka kumene amalonda amakutcha 5K. Ili ndi kamera, masipika 6, mamaikolofoni 3 komanso kachipangizo koganiza kotchedwa A13, komwenso kali mu iPhone 11. Chodabwitsa n'chakuti ilibe batani ngakhale limodzi, ngakhale loyatsira. Chilichonse imauzidwa ndi kompyuta.

Vuto loyamba ndi chingwe

Monitayi ilibe polowetsa chingwe cha HDMI, chimene ambiri tinachizolowera. Chithunzi chimalowera pa kabowo kamodzi kokha ka Thunderbolt 3, komwe maonekedwe ake ndi ofanana ndendende ndi ka USB-C. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Timabowo ta USB-C timaoneka chimodzimodzi koma ntchito zake n'zosiyana. Kena n'kotchajira ndi kusamutsira mafayilo basi, kena kamatumizanso chithunzi, pomwe ka Thunderbolt, komwe kawirikawiri kamakhala ndi chizindikiro cha mphezi pambali pake, kamanyamula zonse pamodzi pa liwiro lalikulu. Laputopu ya Windows yomwe kabowo kake sikatumiza chithunzi siingaonetse kanthu pa monitayi, ngakhale chingwe chitalowa bwinobwino.

Makompyuta a patebulo ali ndi vuto lawo. Ambiri amatulutsa chithunzi kudzera pa HDMI kapena DisplayPort. Chingwe choyenera chochoka pa DisplayPort kupita pa USB-C chikhoza kubweretsa chithunzi, koma kamera ndi masipika zimakhala chete, chifukwa izi zimalankhulana ndi kompyuta kudzera m'njira ya USB imene chingwe chotere sichinyamula. Komanso chithunzi cha 5K n'cholemera: timadontho toposa 14 miliyoni timayenera kutumizidwa ka 60 pa sekondi iliyonse. Kompyuta yakale imalephera katundu ameneyu, ndipo imatsitsa chithunzi n'kukhala chosakwana 5K imene mwini wake analipira.

Chithunzi chabwera, nanga zinazo?

Tiyerekeze kuti laputopu ya Windows ili ndi Thunderbolt ndipo chithunzi chatuluka chokwanira. Kamera, masipika ndi mamaikolofoni zimagwira ntchito monga zipangizo wamba, ndipo laputopuyo imatchajidwa kudzera pa chingwe chomwecho. Zimene zimasowa ndi zija zimadalira macOS. Center Stage, luso limene limachititsa kamera kutsatira munthu akamasuntha pa msonkhano wa pa intaneti, siligwira ntchito. True Tone, imene imasintha mtundu wa kuwala potengera kuwala kwa m'chipinda, nayonso imagona.

Chovuta kwambiri tsiku ndi tsiku ndi kuonjezera kapena kuchepetsa kuwala. Popeza monitayi ilibe mabatani, munthu wa Windows kapena Linux amayenera kusaka timapulogalamu tolembedwa ndi anthu ena kuti achite chinthu chimene pa monita yotchipa amangodina batani. Palinso pulogalamu ya m'kati mwa monita yeniyeniyo, imene imafunika kukonzedwa nthawi ndi nthawi. Monitayi itangotuluka, ogula anadandaula kuti chithunzi cha kamera sichinali choyera, ndipo Apple inatulutsa pulogalamu yokonzera vutolo. Koma njira yoilowetsera m'monita ndi kudzera pa Mac. Amene alibe Mac amayenera kubwereka kwa mnzake.

Mac nayo ili ndi khalidwe lake

Tisaganize kuti vuto limayenda njira imodzi. Munthu wa Mac akagula monita yabwino ya kampani ina, monga Dell, LG kapena Samsung, amakumana ndi zake. Choyamba ndi maonekedwe a zilembo. Pulogalamu ya macOS inakonzedwa kuti izioneka bwino pa masikirini okhala ndi timadontho pafupifupi 218 pa inchesi iliyonse, monga Studio Display. Monita ya 4K ya mainchesi 27 ili ndi timadontho pafupifupi 163 pa inchesi. Kuti zilembo zikhale za msinkhu woyenera, Mac imayamba yajambula chithunzi chachikulu kenaka n'kuchifinya kuti chikwane, ndipo maso akuthwa amaona kuti m'mphepete mwa zilembo mwafewa pang'ono. Windows imachita mosiyana: imakulitsa zilembo ndi zizindikiro mwachindunji, monga kufika pa 125 kapena 150 peresenti. Pa mamonita okhala ndi timadontho tochepa kusiyanaku kumaonekera kwambiri, makamaka kuchokera mu 2018 pamene macOS Mojave inasiya njira yakale yosalazira zilembo.

Chachiwiri ndi mabatani a kuwala a pa kiyibodi ya Mac, amene kawirikawiri salamula monita ya kampani ina popanda kapulogalamu kothandizira, monga MonitorControl. Chachitatu ndi kulumikiza mamonita awiri mondondozana kudzera pa DisplayPort, kuchoka pa kompyuta kupita pa monita yoyamba, kenaka pa yachiwiri. Pa Windows monita iliyonse imaonetsa zake, koma pa Mac onse awiri amaonetsa chithunzi chimodzimodzi. Ndipo MacBook Air ya M1, ya mu 2020, inapangidwa kuti izilandira monita imodzi yokha yakunja.

Ku Linux chithunzi chimatuluka ndithu ngati chingwe ndi kompyuta zili zoyenera, koma makampani ambiri opanga mamonita salemba mapulogalamu awo othandizira a Linux. Kukulitsa zilembo ndi theka, monga pa 150 peresenti, kwakhala kukuvuta kwa zaka zambiri pa njira yakale yoonetsera zithunzi ya X11, ngakhale kuti njira yatsopano ya Wayland yachepetsa vutoli.

Musanatulutse ndalama

Kwa wogula wa ku Lilongwe kapena Blantyre nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa katundu wotere nthawi zambiri amaitanitsidwa kunja, kudzera mwa m'bale wa ku Johannesburg kapena London. Akafika, mutalipira mayendedwe ndi msonkho, kum'bweza si nkhani yamasewera. Pali ngakhale kanthu kakang'ono koyenera kukumbukira: chingwe cha magetsi cha Studio Display sichinapangidwe kuti mwini wake azichizula ndi kusintha, choncho pulagi imene yabwera nayo ndi yomweyo. Ya ku Britain imalowa m'masoketi athu, pomwe ya ku South Africa kapena America imafuna adaputa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso loyamba likhale la kompyuta imene muli nayo kale: kodi kabowo kake kamatumiza chithunzi, ndipo kangakwanitse 5K kapena 4K? Lachiwiri likhale la monita: ndi ziti mwa zabwino zake zimene zimadalira pulogalamu ya kampani imodzi? Lachitatu: kodi ili ndi mabatani akeake ndi timabowo tosiyanasiyana, kuti mawa mukasintha kompyuta isasanduke chokongoletsera patebulo?

Amene amagwiritsa ntchito Mac yokha adzapeza zonse zimene analipira mu Studio Display. Amene masana ali pa Windows ya ku ofesi ndipo madzulo ali pa Mac ya kunyumba angachite bwino kusankha monita yokhala ndi HDMI, DisplayPort ndi USB-C pamodzi, komanso mabatani ake. Ngati wogulitsa ali pafupi, nyamulani laputopu yanu, mulumikize, muyese kamera, mawu ndi kuwala musanalipire.