Shedi ya ku Kinchega: Nyumba Yomangidwa Motsata Nchito

M'mbali mwa mtsinje wa Darling, m'cigawo ca New South Wales ku Australia, muli shedi yometeramo nkhosa imene inamangidwa m'caka ca 1875. Ili pa malo ochedwa Kinchega, pafupi ndi tauni ya Menindee. Mzinda waukulu wa m'deralo ndi Broken Hill, umene unabwereketsa dzina lake lakale kwa Kabwe wathu. Kumeta nkhosa kunalekeka pamenepo m'caka ca 1967, pomwe malowo anasanduka nkhalango yotetezedwa ndi boma, koma shediyo ikali ciimire. Ife aphunzitsi a ulimi tikuona kuti mamangidwe ake ali ndi phunziro kwa aliyense womanga khola.

Amisiri anagwiritsa nchito zimene zinali pafupi. Mizati ndi ya mitengo ya bulugamu wofiira, womera m'mphepete mwa Darling, umene sufumbwa msanga. Denga ndi zipupa ndi zamalata, pakuti malata ndi opepuka kunyamula ulendo wautali. Mtsinje womwewo ndiwo unali msewu: sitima zoyendera nthunzi zinali kubweretsa katundu ndi kubwerera ndi mabelo a ubweya. Nkhosa zimene zinametedwa m'nyumbayi zinafika pafupifupi 6 miliyoni.

Cinsinsi ca shedi zoterezi cagona pa mfundo imodzi: nkhosa yonyowa simetedwa, ndipo ubweya wacinyezi ukadindidwa m'belo umaonongeka. Ncifukwa cace mbali yaikulu ya nyumbayo ndi makola apansi pa denga, momwe nkhosa zinali kugona usiku kuti mame kapena mvula zisazipeze. Pansi pa makolawo ndi pokwezeka, ndipo matabwa ake anakhomedwa mosiya timipata. Ndowe ndi mkodzo zimagwera pansi, mphepo imapita, ubweya nukhala waukhondo.

Kucoka m'makola aakuluwo, nkhosa zinali kulowetsedwa m'timakola ting'onoting'ono toyang'anana ndi bwalo lamatabwa pomwe ometa anali kuima mondandalika. Wometa anali kugwira nkhosa pa masitepe ocepa cabe, kuimeta, ndi kuikankhira pa kakhomo kotsikira kunja. Kumeneko aliyense anali ndi kakhola kake kowerengera, pakuti malipiro anali kutsata ciwerengero ca nkhosa zimene munthu wameta. Motero nyumbayo inali kuthandizanso kuti pasakhale mkangano pa malipiro.

Ubweya unali kuyenda njira yakeyake, yosakumana ndi ya ziweto. Wotola anali kuuyala pa tebulo lamipata kuti zinyalala zigwe, ena nacotsa m'mbali modetsedwa. Kenaka katswiri anali kuugawa m'magiredi, monga momwe alimi a fodya amasankhira masamba, usanapite ku makina odindira mabelo. Nkhosa zinali kulowera kwina, ubweya nutulukira kwina. Palibe cimene cinali kubwerera m'mbuyo.

M'nyumbayi mukuonekanso kusintha kwa zida. Poyamba anthu anali kumeta ndi masizasi amanja. M'caka ca 1888, pa famu ya Dunlop, m'mbali mwa mtsinje womwewu, nkhosa zonse zinametedwa ndi makina a Frederick Wolseley, ndipo pang'onopang'ono mashedi ena anatsatira. Ku Kinchega mlendo angaonebe injini yoyendera nthunzi, cipinda ca makina, matebulo a ubweya ndi zodindira mabelo. Ici ndico cimapatsa malowa ulemu wake: si zipupa zokha zimene zinasungika, koma dongosolo lonse la nchito.

Mbiri yake ili ndi mbali yowawa. Dzikolo ndi la anthu a mtundu wa Barkindji, amene anakhala m'mbali mwa Darling zaka zikwi zambiri mafamu a nkhosa asanawalande malo. Nthaka nayonso inavutika. Ziweto zinaculuka kuposa msipu, akalulu obwera kucokera ku Ulaya anadya comera ciliconse, ndipo cilala cacikulu ca 1895 mpaka 1903 cinapha nkhosa zosawerengeka kumadzulo kwa New South Wales. Shedi yaikulu cotero imatikumbutsa kuti kukula kwa khola sikukulitsa busa.

Kuno kwathu nkhosa zambiri ndi zanyama, zosafuna kumetedwa, koma mfundo zake sizisintha. Khola lam'mwamba la mbuzi, lamatabwa kapena mitengo yosiya timipata, limatsata nzeru yomweyo: ziboda zimakhala zouma, matenda amacepa, ndipo manyowa amasonkhana pansi kudikira munda. Tisanakumbe dzenje la mzati woyamba, tiyambe tayenda m'maganizo njira imene ciweto cidzadutsa: polowera, podikirira, pogwiridwira pomwetsa mankhwala, ndi potulukira.

Tiyang'anenso mwatsopano nyumba zakale za pa mafamu athu: madibu osiyidwa, mabalani a fodya, nkhokwe zimene agogo analuka. Ciswe, moto ndi denga lodontha zimatha m'nyengo zocepa zimene zinaima zaka makumi ambiri. Kukhoma lata lozuka ndi kulambula udzu kuzungulira nyumba cilimwe cisanafike sikufuna ndalama zambiri. Ndipo akulu amene anagwiramo nchito akali ndi moyo, tiwafunse cifukwa cimene khomo lililonse linaikidwira pomwe lili, ophunzira athu nalemba mayankho ao.