Zenit siifa kamba ka kamuvi

M'midzi ya boma la Chifunde, kuyambira ku Mualadzi mpaka kumalire a Cassacatiza, mukadali nyumba zimene zikusunga kamera yakale m'sutikesi pamodzi ndi zithunzi za ukwati ndi ubatizo. Ena mwa makamera amenewa ndi a mtundu wa Zenit, amene anabwera m'dziko la Mozambique nthawi ya ubale ndi Soviet Union, ndipo ena ndi Praktica amene anabwera ndi anyamata obwerera ku East Germany mu 1990. Nkhondo itatha mu 1992, makamera otere ndi amene ankayenda pa njinga ndi ojambula, kujambula mabanja amene anali atangobwerera kuchokera kothawa nkhondo ku Zambia ndi ku Malawi.

Vuto limene eni ake amadandaula nalo kawirikawiri ndi la kachipangizo koyezera kuwala. Pa Zenit-E, imene inayamba kupangidwa mu 1965 ku Krasnogorsk pafupi ndi Moscow, kachipangizoka kali ndi mbali zitatu: kazenera kakutsogolo pamwamba pa diso la kamera, kamuvi kooneka pa galasi laling'ono pamwamba, ndi gudumu la manambala lozungulira pobwezera filimu. Wojambula amazunguza gudumulo mpaka kamphete kafike pa kamuvi, ndiye n'kuwerenga manambala.

Gudumu likalimba kapena likamangozungulira kamphete osasuntha, nthendayo ndi yochizika. Nthawi zambiri ndi fumbi la m'chilimwe limene lasakanikirana ndi girizi wouma. Munthu wozolowera kukonza mawotchi angathe kuchotsa chivindikiro chapamwamba, kutsuka ndi sipiriti pang'ono pa thonje, ndi kubwezera zonse m'malo mwake. Timasikuluwu take ndi tating'ono ngati mbewu ya fodya, choncho ntchitoyi imafunika kugwirira pa nsalu yoyera. Chimene chaononga makamera ambiri ndi mafuta a njinga kapena ophikira: amayenderera mpaka pa kansalu kamene kamatseguka pojambula, ndipo pamenepo kamera yapita.

Kamuvi kakafa ndi nkhani ina. Kamera imeneyi ilibe batire. Kazenera kaja kali ndi selenium amene amapanga yekha magetsi ochepa kuwala kukamugunda. Kuyesa kwake n'kosavuta: kuloza kamera padzuwa, kenaka kutseka kazenerako ndi chala. Kamuvi kakagwedezeka ngakhale pang'ono, mwina ndi dzimbiri chabe pamene waya wakhudzana ndi selenium, ndipo labala ya pensulo imachotsa. Koma selenium amakalamba ndi chinyezi ndi dzuwa, ndipo akatha watha. Kumuotcherera ndi chitsulo cha okonza mawayilesi ndi kumumaliza msanga.

Eni Praktica ayambe aona batire, pakuti ambiri mwa makamerawa ankagwiritsa ntchito batire ya mercury imene inaleka kupangidwa.

Komabe chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa Zenit-E koyezera kuwala sikalumikizana ndi makina ojambulira. Kamangolangiza basi. Kakafa, kamera imajambulabe monga kale, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona yoteroyo ikupatsidwa kwa ana kuti aziseweretsa.

Ojambula akale anali ndi lamulo lao la pamtima. Ndi filimu ya nambala 100, liwiro liikidwe pa 125. Dzuwa likaswa mtengo ngati la mu Okutobala, diso la kamera likhale pa 16. Kukakhala timitambo, pa 11. Kukachita mitambo ya mvula, pa 8. Akwati akaima pansi pa mtengo wa mango, pa 5.6. Filimu masiku ano ndi yosowa ndiponso yodula, motero amene waipeza ndi bwino ayambe wayesa kamerayo ili yopanda kanthu, atatsegula kumbuyo, kuti aone ngati kansalu kaja kakutseguka pa liwiro lililonse.