Kodi yunivesite ya nambala wani pa dziko lonse ndi iti?

Ana inu, pa tsiku lotsekera sukulu, aphunzitsi akaimirira ndi pepala m'manja, aliyense amakhala tcheru kuti amve amene watenga nambala wani. Nawonso mayunivesite, sukulu za ukachenjede zija, chaka ndi chaka amaikidwa pamndandanda: iyi yoyamba, iyi yachiwiri, mpaka kupitirira 1,000.

Koma mukafunsa kuti yoyamba ndi iti, mumva mayankho atatu. Mndandanda wochokera ku Shanghai, m'dziko la China, umati ndi Harvard ya ku America, ndipo wakhala ukutero kuyambira mu 2003. Magazini ya ku London yotchedwa Times Higher Education yakhala ikuika Oxford ya ku England pamwamba kuyambira mu 2016. Kampani ya QS, ya ku London komweko, kwa zaka zoposa 10 yakhala ikuti ndi MIT ya ku America. Ndiye akunama ndani?

Malikisi ake amachokera kuti?

M'kalasi mwanu nonse mumalemba mayeso amodzi, ndiye kuyerekeza ophunzira sikuvuta. Mayunivesite salemba mayeso. Amene amakonza mndandanda amayamba akhala pansi n'kugwirizana zinthu zoti awerenge, komanso kuti chilichonse chikhale ndi malikisi angati. Gulu lililonse limasankha zakezake.

A ku Shanghai amawerenga kuchuluka kwa aphunzitsi ndi ophunzira akale amene analandirapo mphoto ya Nobel kapena mendulo ya Fields, yomwe imaperekedwa kwa akatswiri a masamu. Zimenezi zokha zimatenga malikisi 30 pa 100 alionse. Malikisi ena 20 amachokera ku kafukufuku wosindikizidwa m'magazini awiri otchuka a sayansi, Nature ndi Science. Otsalawo nawonso amakhudza kwambiri kafukufuku. Za mmene ophunzira akumvera m'kalasi, palibe funso ngakhale limodzi. Chifukwa chake n'chakuti amene anayambitsa mndandandawu ankafuna kudziwa kuti mayunivesite a ku China atsalira motani pa sayansi poyerekeza ndi a mayiko olemera. Sankaganiza za mwana amene akufuna sukulu.

A QS amatumiza mafunso kwa aphunzitsi a m'mayunivesite ndi kwa mabwana olemba anthu ntchito, kuti atchule mayunivesite amene amawaona kuti ndi abwino. Pafupifupi theka la malikisi limachokera ku mayankho amenewa. Apa yunivesite yotchuka kale imapindula, chifukwa munthu amatchula dzina limene amalidziwa, ngakhale sanapondeko phazi.

A Times Higher Education amasakaniza zambiri: kaphunzitsidwe, kafukufuku, ndalama zochokera kumakampani, ndiponso kuchuluka kwa ophunzira ndi aphunzitsi ochokera kunja. Amawerenganso kuti kafukufuku wa pasukulupo watchulidwa kangati m'zolemba za akatswiri ena. Maganizo ake ndi akuti ntchito yabwino anthu ambiri amaitchula.

Tengani pensulo muyese nokha

Tiyerekeze kuti pali mayunivesite awiri, A ndi B. Yunivesite A yapeza malikisi 90 pa kafukufuku ndi 50 pa kaphunzitsidwe. Yunivesite B yapeza 60 pa kafukufuku ndi 80 pa kaphunzitsidwe. Mukaphatikiza, iliyonse ili ndi 140. Afanana.

Tsopano nenani kuti kafukufuku ndiye wofunika kwambiri, choncho malikisi ake awerengedwe kawiri. A ikhala ndi 230, B ikhala ndi 200. Yapambana A. Kenako sinthani maganizo, muwerenge kawiri malikisi a kaphunzitsidwe. A itsika kufika pa 190, B ikwera kufika pa 220. Yapambana B.

Mwaona? Pasukulu ziwirizi palibe chimene chasintha. Aphunzitsi ndi omwewo, mabuku ndi omwewo. Chasintha ndi kawerengedwe kanu basi. N'chifukwa chake Harvard, Oxford ndi MIT zonse zimatha kukhala pa nambala wani m'chaka chimodzi, popanda wina kunama.

Manambala amatha kusocheretsa

Mu 2010, anthu anadabwa kuona yunivesite ya Alexandria ya ku Egypt ili pa nambala 147 pamndandanda wa Times Higher Education, ndipo pa nkhani ya kutchulidwa kwa kafukufuku inapitirira ngakhale Harvard. Atafufuza, anapeza kuti malikisi ambiri anabwera chifukwa cha katswiri mmodzi, amene ankasindikiza zolemba zake zambirimbiri m'magazini imene mkonzi wake anali iye yemwe, n'kumazitchula yekha. Kompyuta inangowerenga, sinafunse kuti akutchulayo ndani.

Vuto lina n'lakuti manambala ambiri amaperekedwa ndi mayunivesite eni ake. Ku America kuli mndandanda wa magazini ya U.S. News & World Report, umene unayamba mu 1983. Yunivesite ya Columbia, mumzinda wa New York, inafika pa nambala 2 pamndandanda umenewu. Mu 2022, pulofesa wa masamu wa pasukulu pomwepo, Michael Thaddeus, anawerengetsera yekha n'kuonetsa kuti manambala ena sanali oona. Akuluakulu a sukuluyo anavomera kuti anapereka manambala olakwika, kuphatikizapo onena za kuchuluka kwa ophunzira m'kalasi. Chaka chomwecho Columbia inatsika kufika pa nambala 18.

Masukulu ena afika potopa nawo mpikisanowu. Mu 2023, yunivesite ya Utrecht ya ku Netherlands inasiya kutumiza manambala ake ku Times Higher Education, ponena kuti n'zosatheka kuyeza ubwino wa yunivesite yonse ndi nambala imodzi.

Nanga mayunivesite athu?

Pamindandanda yambiri, yunivesite imene imatsogola muno mu Africa ndi ya Cape Town, ku South Africa. Athu a kuno kumudzi amakhala kumunsi, mwinanso osaoneka n'komwe. Musathamangire kunena kuti ndiye kuti ndi achabechabe. Harvard inakhazikitsidwa mu 1636, ndipo ili ndi thumba la ndalama zoposa madola 50 biliyoni. Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ya Mzuzu mu 1999, ya MUST ku Thyolo mu 2014. Mphoto za Nobel ndi nyumba zochitira kafukufuku zimafuna zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani.

Chinanso n'chakuti makompyuta owerenga kafukufuku amaona kwambiri magazini a Chingelezi osindikizidwa ku Ulaya ndi ku America. Mphunzitsi wa zaulimi amene amayenda m'midzi kuthandiza alimi kusankha mbewu yopirira chilala akugwira ntchito yaikulu, koma ntchito yotere siibweretsa malikisi ambiri. Dokotala wophunzitsidwa bwino amene akupulumutsa ana pachipatala cha boma, nayenso sawerengedwa pamndandanda wa ku Shanghai.

Ndiye tiitaye mindandandayi?

Ayi. Ili ndi ntchito yake. Imasonyeza kumene kukuchitika kafukufuku wambiri, ndipo imachititsa maboma kuganizira zoika ndalama pa maphunziro apamwamba. Yunivesite imene ili pa nambala 20 ndi imene ili pa nambala 900 zimasiyanadi pa chuma ndi pa kafukufuku. Koma pakati pa nambala 40 ndi 45 kusiyana kwake n'kochepa kwambiri, moti chaka chamawa zikhoza kusinthana malo. Komanso yunivesite imodzi imakhala ndi maphunziro ambirimbiri. Ikhoza kukhala yamphamvu pa zamalamulo koma yofooka pa zomangamanga, ndipo nambala imodzi singakuuzeni zimenezo.

Tsiku lina mudzalemba mayeso a Fomu 4 n'kuyamba kusankha kopita. Podzafika nthawi imeneyo, mudzafunse mafunso anuanu. Kodi maphunziro amene ndikufuna alipo? Kodi bungwe loona za maphunziro a ukachenjede la NCHE linawavomereza? Aphunzitsi alipo okwanira? Mabuku ndi zipangizo zophunzirira zilipo? Amene anamaliza maphunzirowa akuchita chiyani lero? Fizi yake kwathu angakwanitse?

Ndipo kuyambira lero, mukamva pawailesi kapena kuwerenga munyuzi kuti sukulu yakuti ndi nambala wani, musangowomba m'manja. Funsani kaye kuti: wanena ndani, ndipo anawerenga chiyani?