Hops satheka kuno, koma msika wa chimera ulipo

Alimi anzathu, ka kuwawa kamene kamamveka mu mowa wa m'mabotolo umene umagulitsidwa ku City Centre ndi ku Area 10 mu Lilongwe kamachokera ku maluwa a chomera choyanga chotchedwa hops.

Mitundu yake imasiyana ntchito. Magnum wa ku Germany amawawitsa mowa, Saaz wa ku Czech Republic amapereka fungo lofatsa, pomwe Cascade wa ku America amanunkhira ngati zipatso za m'gulu la malalanje.

Koma musathamangire kufuna mbewuyi. Hops amafuna nyengo yozizira kwambiri, kenako masiku amene dzuwa limawala maola 15 kapena kuposerapo. Kuno usana sufika pamenepo. Ngakhale ku George, m'dziko la South Africa, anachita kupanga mitundu yawoyawo monga Southern Star kuti ulimiwu utheke.

Phindu lanu lili m'chimera. Amayi ophika thobwa ndi mowa wamasese amachifuna chaka chonse, ndipo mukafika mumsika waukulu wa ku Old Town muchipeza chikugulitsidwa. Nanga mulime mbewu iti?

Mawere ndiwo amakondedwa pa thobwa chifukwa chimera chake chimatsekemera bwino. Amasungikanso nthawi yaitali osafumbwa. Vuto lake ndi ntchito: kupalira ndi kukolola kumafuna manja ambiri.

Mapira amapirira ng'amba kuposa chimanga. Mitundu ya Pilira 1 ndi Pilira 2 imacha msanga, koma konzekerani kuingitsa mbalame. Mapira ofiira mbalame siziwakonda kwenikweni, ndipo amapatsa chakumwa mtundu wofiirira.

Chimanga nacho chimachita chimera, koma mphamvu yake yotsekemeretsa phala ndi yocheperapo. Kuchigulitsanso n'kuchepetsa chakudya cha pakhomo.

Kaya mwasankha iti, wogula amafuna njere zomera. Musanapite kumsika, werengani njere 100, muziyale pa chiguduli chonyowa ndipo muzionenso pakatha masiku asanu. Ngati zamera zosafika 90, wophika sadzabweranso kwa inu.

Yanikani mbewu pamphasa kapena palona, osati padothi, kuopa chuku chomwe chimawononga thanzi la womwa. Mbewu yothiridwa mankhwala obzalira isalowe m'chimera ngakhale pang'ono.

Mvula isanagwe, kambiranani ndi mlangizi wa m'dera lanu za mbewu yoyenera nthaka yanu, ndipo yambani mwapeza wogula musanabzale.